Mmene achemwali a Filomena anandimvera ku Bulawayo

Sunthirani kuno kumthunzi, ana inu, dzuwa la kuno silisamala kuti wina wachokera m'tauni. Iwe Fatsani, taika pansi foniyo. Ndakhala ndikukuona kuyambira m'mawa: ukanikiza, uyankhula, ukwinya nkhope, ufufuta, uyambiranso. Akuti kutumiza mawu, eti? Mumayesa mwayamba ndinu zimenezi. Ine agogo anu a Pasikale ndinkatumiza mawu a anthu kunja kwa dziko lino amayi anu asanabadwe, kungoti masiku amenewo mawu ankakwera sitima ngati munthu, mwina n'kugona panjira mpaka mwezi kutha.

Mukuseka? Sekani, koma manja asaleke kuswa mtedzawo.

Ndili mnyamata ndinali ndi kabenchi pakhonde la golosale ina pa Golomoti, chapafupi ndi pamene pamakhala ogulitsa zingwe zotchajira mafoni paja. Ndinkakonza mawailesi ndi mawotchi. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mkulu wina wachisilamu wochokera kunyanja, munthu wosapupuluma, amene asanatsegule wailesi ya munthu ankayamba wanena "Bisimila," kenako n'kunyambita batire kuti amve ngati ili ndi moto. Mabatire akatha sitinkataya ayi. Tinkawayanika padenga ngati usipa, wailesi n'kuliranso pang'ono, mongokwanira kumva mauthenga a maliro ndi mpira.

Kenako kunabwera wailesi ya kaseti. Yanga ndinagula kwa munthu wochokera kumigodi ya ku Joni, yolemera ngati mphero. Kaseti, iwe Mphatso, ndi kabokosi kokhala ndi kachingwe kopyapyala mkati, kokulungidwa pa timawilo tiwiri. Ukadina mabatani awiri pamodzi, lofiira ndi linzake, zonse zimene wanena zimamatirira pakachingwepo. Pobweza m'mbuyo sitinkawononga batire, tinkalowetsa bolopeni pabowo n'kumapukusa m'mwamba chonchi.

Mbiri itamveka, amayi amene amuna awo anali ku Joni kapena ku Halale anayamba kubwera pakhonde paja. Kalata imafuna wokulembera, kwinako imafunanso wowerenga, onsewo n'kudziwa za m'nyumba mwako. Kaseti inkangofuna ine ndekha, ndipo ine ndinkayang'ana kumsewu ngati sindikumva. Mayi wina wa ku Mtakataka anayenda wapansi m'mawa wonse, atavala chitenje chatsopano, nakhala patsogolo pa wailesi. Ine n'kudina. Zii. Kachingwe kakuzungulira, batire ikutha, iye ali duu. Potsiriza anati, "Mbuzi ija yaswa awiri," n'kudzuka kumapita. Wina anadzaza mbali zonse ziwiri ndi kukalipa kokhakokha, n'kundifunsa ngati kulibe kaseti ya mbali zitatu.

Kudula mawu ndinkadulanso. Bambo wina analonjera mlamu wake bwinobwino, pakati n'kumutchula kamberembere, ndiye mtima utazizira anabwerera thukuta lili kamukamu: "A Pasikale, chotsani mawu aja, andithamangitsa pamudzi." Ndinkakoka kachingwe kaja, kudula ndi lezala, kulumikiza ndi kapenti kopaka m'zikhadabo. Ukaphonya pang'ono, umadula ndi moni yemwe.

Koma kaseti imene ndinkaisamala kuposa zonse inali yopita kwa achemwali anga a Filomena. Za iwowa amayi anu anakuuzani mwapatalipatali, lero mumve kwa mwiniwake. Kwathu, kuseri kwa Mua, ana amene tinakula tinali awiri okha, iwo aakulu, ine wamng'ono. Ndi amene ankandibereka kumsana kupita nane kuchipatala cha pamishoni ndikadwala malungo, ndi omwewonso ankandikwapula ndikathawa sukulu kukagenda malambe. Anali aatali, oyenda ngati achedwa kwinakwake, pakamwa posachedwa kuyankha. Anakwatiwa ndi munthu wogwira ntchito ku Bulawayo, ndipo tinakawaperekeza pasiteshoni ya sitima pa Golomoti, atanyamula kathumba ka malambe oti azikamung'unya m'njira.

Poyamba tinkalemberana makalata, kenako makaseti, otengedwa ndi aliyense wopita kapena wobwera. Kaseti yawo ikafika, amayi athu ankakhala pafupi ndi wailesi n'kumavomera ngati mwana wawo ali pamphasa pomwepo: "Eya mwananga. Eya. Wachita bwino." Ndiye nkhondo ya ku Mozambiki inavutitsa njira, apaulendo anachepa, tinangomva mphekesera kuti alamu amwalira ndipo banja lasamuka. Kaseti yomaliza inabwerera ndi amene anaitenga, akuti panyumba paja pali anthu ena. Amayi anatisiya akufunsabe. Ine ndinakwatira kuno kwa agogo anu Anankhoma, ana anabadwa, tsitsi linayera, mawailesi a kaseti anatha, kabenchi kaja kanadyedwa ndi chiswe. Dzina la Filomena tinkalitchula pa Misa yopempherera akufa, koma mtima ukufunsa ngati sitikuwalakwira.

Tsopano tilumphe zaka zonsezo tifike pa mkulu wanu Takondwa, mwana wa amayi anu aakulu, wa ku Lilongwe uja. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Agogo, ndikufuna ndikufunseni za mawailesi akale, ndijambule mawu anu, anthu amve."

"Pa wailesi iti?"

"Si wailesi ayi, agogo, ndi podikasiti. Ndi pulogalamu yokhala pa intaneti, munthu amamvera pafoni nthawi imene wafuna."

"Ndiye kaseti imeneyotu."

Anaseka. "Eya, kaseti yopanda kabokosi."

Iye sakanatha kubwera chifukwa cha ntchito, choncho ananditumizira kafoni kena pa minibasi. Anandifotokozera kuti mawu akamayenda pa intaneti amaduka, amanjenjemera, mwina munthu kumveka ngati akuyankhulira m'ndowa. Ndiye foni yanga ikhale yocheza naye, kafoni katsopanoka kazikhala pafupi ndi pakamwa panga kujambula mawu anga okha osaduka, iyenso kwawoko azijambula ake. Poyamba tonse tiombe m'manja kamodzi, kuti polumikiza adzadziwe pamene mbali ziwirizo zikumanirana. Wodina batani lofiira anasankhidwa kukhala Anankhoma, poti ine zala zinayamba kale kunjenjemera ndi ukalamba.

Tsikulo ndinavala jekete ndi tayi. Anankhoma anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mwavalira ndani? Mwanayo wanena kuti ndi mawu okha."

"Mawu a munthu wovala tayi amamveka," ndinatero.

Netiweki masiku amenewo inkagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola. Tinakwera, nkhalamba ziwiri, wina tayi, wina kafoni m'manja. Ndisanamalize moni Takondwa anati, "Agogo, mphepo! Mukumveka ngati muli pa njinga yamoto." Tinatsika, tinalowa m'nyumba, foni n'kuitsamiritsa pazenera. "Tsopano mawu akugunda malata n'kubwerera. Tafundani bulangete, mulowe nako kafoniko mkati." Ana inu, unali mwezi wa Okutobala, kuno kuchigwa, nthawi imene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Munthu wa jekete ndi tayi, m'bulangete! Ndinalowa. Ndinaomba m'manja ngati ndikupha udzudzu.

"Musakuwe, agogo, ndikukumvani."

"Lilongwe ndi kutali, mwanawe!"

"Yankhulani ngati ndakhala pambali panu."

Titangoyamba bwino, tambala wathu wofiira uja anabwera pansi pa zenera n'kuyamba kulira ngati amulemba ganyu. Anankhoma anatuluka kukamuthamangitsa, koma phokoso la kuthamangitsako linaposa la tambala. Atabwerera anakhala pampando kunja kwa bulangete n'kumandiwongolera. Ndikati wailesi yanga inali yakuda, mawu akuchokera kunja: "Bodza, inali yotuwa." Ndikati ndinkajambula kwaya yonse ya pamishoni: "Theka lake, enawo ankakuopani." Takondwa kwawoko akungosekerera.

Chakumapeto anandifunsa kuti, "Agogo, pa makaseti onse amene munajambula, ndi iti imene simuiiwala?" Sindinakonzekere funso limenelo. Ndinangopezeka ndikunena za achemwali, za sitima pa Golomoti, za kathumba ka malambe, za kaseti imene inabwerera. Pakati pake mawu anandithawa, ndinangotsala ndikusisima motsitsa m'bulangete muja, ndipo nthawi imeneyi Anankhoma sanawongolere kanthu.

Nyengo ya mango Takondwa anabwera ndi laputopu yake kudzandionetsa ntchitoyo asanaitulutse. Ha, ana inu! Mawu anga ndinawaona ndi maso, ali ndandanda ngati minga ya nsomba, pamene ndakuwa minga italiitali, pamene ndanong'ona tating'ono. Mzere wapamwamba wanga, wapansi wake. Akafuna kudula amangodetsa pamalopo, kudina, basi zapita. Akalakwitsa, kudinanso, zabwerera. Ine ndinagwira pakamwa. Nthawi yanga ukadula wadula, ukalire kunyumba.

Mwana wachipongwe ameneyu anatola ma "eee" anga onse ndi kutsokomola konse kumene anachotsa, n'kuziika pamodzi, n'kutiseweretsa. Zinamveka ngati thirakitala yokana kulira m'mawa wa Juni. Anankhoma anaseka mpaka anatsamira khoma. Tambala anamusiyamo kamodzi, akuti anthu a m'tauni amasowa kumva tambala. Zowongolera za agogo anu aakazi anazisiyamo zonse, ine ndikudandaula, iye akuti ndi zimene zikukometsa.

Tinafika pamalo paja minga inatha, mzere uli phwaa. Takondwa anaimitsa.

"Apa, agogo, mawu ndi anu. Mukati ndichotse, ndichotsa, palibe adzadziwe."

"Chotsa. Munthu wamkulu kumasisima dziko lonse likumva?"

Anankhoma anali akusenda mango. Sanadzutse n'komwe mutu. "Mwadula za anthu ena moyo wanu wonse. Izi zisiyeni. Mukulira mlongo wanu, simukulira mowa."

Takondwa sanadine kanthu. Anadikira mpaka ine mwini ndinati, "Zisiye." Anandifunsanso kachiwiri ngati ndatsimikiza, ndipo ndinavomera.

Pulogalamu inatuluka. Anthu a kutchalitchi anandimva, ogulitsa nsomba pa Golomoti anayamba kundiitana kuti "a Bodza-inali-yotuwa," ine n'kumati nkhani yathera pomwepo. Mvula inagwa, tinapalira, chimanga chinamasula. Ndiye tsiku lina masana ndili kudimba, Anankhoma akubwera chothamanga, foni m'mwamba, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kuyambira ali mtsikana. Pafoni panali Takondwa.

"Agogo, khalani pansi kaye."

"Kwagwanji? Ndani wamwalira?"

"Palibe wamwalira. Wandilembera mtsikana wina wa ku Bulawayo, dzina lake Nomusa."

Nkhani yake inali yotere. Zidzukulu za anthu akwathu amene anatchona kumeneko zimatumizirana zinthu za Chichewa pamafoni. Nomusa Chichewa samva bwino, koma anati akawaikire agogo ake, asangalale kumva chiyankhulo cha kwawo. Agogowo ankamvera akusoka, kuseka tambala, kuseka Anankhoma. Itafika pa sitima ndi kathumba ka malambe, singano inagwa. "Bwezera," anatero. Anabwezera. "Bwezeranso." Akuti anabwezera mpaka foni inazima. Dzina la agogowo, akuti, ndi Filomena.

Ndinakhala pamzere wa mpiru, matope okhaokha, osamva n'komwe kuti ndanyowa.

Takondwa anakonza zoti tiyankhulane tonse pa intaneti: ine kuno, iye ku Lilongwe, iwo ku Bulawayo. Anapempha mbali zonse ngati angajambule, tinalola. Nomusa anaika kafoni kojambulira kwawoko, Anankhoma kuno. Usandifunse za tayi, iwe Fatsani, ndinavala, inde. Koma mtima unali m'mwamba. Nanga akapezeka kuti ndi Filomena wina? Nanga akakhala iwowo koma mutu unasokonekera ndi ukalamba, osandidziwa? Ndinamva Nomusa akuti, "Gogo, khulumani," ndiko kuti yankhulani, kenako mawu a nkhalamba, okhwima, osanjenjemera.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Pasikale, achemwali."

"A Pasikale ndi ambiri. Masiku ano anthu amaba pafoni." Chichewa chawo chinali chopindika, chosakanikirana ndi cha kumeneko, koma ukali unali womwe uja. "Ngati ndiwe Pasikale wa amayi anga, tandiuza. Tsiku limene bambo anatumidwa kunyanja kukagula usipa, anabwera ndi chiyani?"

"Chipewa!" ndinakuwa, moti Takondwa akuti anavula zomvera m'makutu.

Kenako ndinamva kuseka, kuseka kosanduka kulira, kulira kosandukanso kuseka. Bambo athu, ana inu, anapatsidwa ndalama ya ndiwo, anakumana ndi wogulitsa zipewa panjira, n'kubwera kunyumba atavala chipewa chatsopano, m'manja muli mbee. Amayi sanakalipe. Anangopeka nyimbo yawoyawo, n'kumaimba posinja mpunga chaka chonse, mudzi wonse ukumva.

Kucheza kwake kunali kovuta poyamba, chifukwa mawu pa intaneti amachedwa panjira. Ine ndikayamba, iwonso ayamba. Ndikakhala chete kuti anene, iwonso akhala chete kuti ndinene. Kenako tonse pamodzi: "Nenani!" Takondwa anasanduka wapolisi wa pamsewu: "Agogo a Filomena, pitani. Agogo a Pasikale, imani." Ndinamva kuti alamu atamwalira anachotsedwa m'nyumba ya kampani, anasamuka kangapo, analera ana pogulitsa masamba pamsika. Makalata analemba, koma sanafike kuno, ndipo ataona kuti sakuyankhidwa anaganiza kuti tonse tinatha.

Ndiye anafunsa, mawu atatsika, "Amayi anagona kuti? Anavutika?"

Ndisanayankhe, Takondwa anati, "Agogo, ndaimitsa kujambula. Nomusa, zimitsa. Agogo aakazi, dinani batani lija. Izi ndi zanu awiri." Ndipo zimene tinakambirana pamenepo zinakhaladi zathu awiri, ngakhale inu sindikuuzani.

Misozi itauma, achemwali anati, "Yatsani makina anuwo. Pasikale, tiimbe ya chipewa." Iwo ankatsogolera, ine ndikuvomera, monga tinkachitira pamtondo:

"Anapita ku usipa, abwera n'chipewa."

"Tidya chipewa lero, amayi, tidya chipewa!"

Koma zinali zoseketsa. Pamene ine ndikuvomera mzere woyamba, iwo ali kale pa wachiwiri. Anakalipa: "Ukuchedwa! Unali wochedwa kuyambira kale iwe!" Ine ndikuti si ine, ndi intaneti, iwo akuti intaneti ndi ndani, usanamizire anzako. Takondwa anatiuza kuti tingoimba, aliyense mmene akumvera, zinazo aziona yekha.

Patapita masiku ananditumizira. Anatenga mawu ojambulidwa ku Bulawayo ndi ojambulidwa m'chipinda mwangamu, n'kukankha mzere wanga pang'onopang'ono mpaka kuvomera kwanga kunagwera pamalo pake. Ndinamvera nditakhala pakhonde. Panalibe kuchedwa, panalibe kuduka. Tinali ngati taima mbali ziwiri za mtondo umodzi, amayi atangopita kukatenga lichero. Anankhoma, amene sanawaonepo achemwali ndi maso, anati, "Mawu anu ndi amodzi anthu inu," n'kulowa m'nyumba msanga, akuti utsi wawalowa m'maso, chonsecho panalibe moto.

Kuyambira pamenepo foni inkalira Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa. Ankafunsa za mtengo uliwonse, chitsime chilichonse, anthu amene ambiri a iwo ali kumanda. Chithunzi chawo anakana kutumiza. Akuti, "Adzandiona ndi maso ake." Ine ndinkayesa ndi nkhambakamwa za okalamba. Koma titakolola, nyengo yozizira, Nomusa anaimba kuti mapasipoti atuluka, akubwera pa basi kudzera ku Tete, akatsikira ku Dedza, kenako minibasi yotsika phiri pamsewu wokhotakhota uja.

Takondwa anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi makina ake ojambulira, akuti nkhaniyi anthu aitsatira, ayenera kumva mathero ake. Tinakadikira pa Golomoti. Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, madengu a usipa, njinga za makala, mbuzi zomangidwa miyendo. Minibasi iliyonse ikaima ine ndinkathamangira pachitseko. Ndipo muone kupusa kwa mutu wa munthu: ndinkafunafuna mkazi wamtali woyenda mothamanga. Inaima ina, anatsika anthu, ndinadutsa kagogo kena kowerama, kogwira ndodo, kovala juzi yaikulu, ndinakapepesanso poti ndinakagunda phewa. Ndinasuzumira mkati, mulibe. Ndikubwerera mokhumudwa, ndinamva kumbuyo kwanga munthu akukalipira kondakitala.

"Iwe mfana, chikwama changa waika pansi pa dengu la nsomba? Ndachokera nacho kutali kuti chidzanunkhe pano?"

Ndinatembenuka. Kanali kagogo kaja.

"Achemwali," ndinatero.

Takondwa anali atadina kale batani lake, chojambulira chili m'mwamba pakati pathu. Madzulo ake tili kunyumba anati timvere zimene wagwira. Tinamvera. Munali oitanira minibasi akukuwa "Salima! Salima! Balaka uyo!", mayi wina akutsatsa mbatata yootcha, mbuzi ikulira, hutala ya lole. Za ife awiri munalibe kalikonse. Nthawi yonse ija tinangogwirana manja, kuyang'anana, pakamwa pali gwa. Takondwa anati, "Agogo, pano mulibe chodula, mulibenso chomvera." Anali pafupi kuzimitsa pamene, kumapeto kwenikweni, pansi pa phokoso lonselo, panamveka mawu a achemwali anga, oyamba kundiuza maso ndi maso chichokereni pa sitima ija:

"Iwe Pasikale, wafupika bwanji?"

Ndi mawu okhawo amene Takondwa anatenga pa tsiku lonselo, ndipo ine ndinamuuza kuti asawakhudze ngakhale pang'ono.